Masitepe a Potsetsereka

Loweruka, 12 Okutobala

Tamaliza masitepe a Potsetsereka. Alipo 18. Ndawerenga pokwera, ndawerenganso potsika, chiwerengero sichinasinthe.

Ndilembe bwino kuti ndisadzaiwale. Potsetsereka ndi pamene njira ya kuphiri imakhota pamwamba pa mtsinje, mphindi 50 kuchokera pageti ngati wasenza katundu. Mvula ya chaka chatha inakumba chigwembe pakati penipeni pa njira, chofika m'chiuno. Mayi woyang'anira nkhalango, amene timangowatchula a Nkhalango, anatiuza mwezi watha kuti pakapanda kukonzedwa mvula isanayambe, njira yonse ya kumtunda aitseka chaka chino. Sanakweze mawu. Anangotionetsa chikwangwani cholembedwa kale, chili kuseri kwa chitseko cha ofesi yawo. Abwera kudzaona pa 26.

Gulu lathu lodzipereka lili ndi anthu 23 papepala. Obwera ndi khasu tilipo anayi. Amisiri, amene anamanga nyumba zaka 30 asanapume. Dalaivala wa basi ya ana a sukulu, amene amagwira ntchito ndi manja ndi pakamwa nthawi imodzi. Mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, telala. Ndi ine wa ku laibulale, amene amanditcha Mlongoti chifukwa cha msinkhu. Otsalawo amatumiza chithunzi cha chala chachikulu pafoni. Dalaivala akuti zala 19 koma sizinaswepo nsabwe ndi imodzi yomwe.

Masamu anali anga. Chitunda kuchokera pansi mpaka pamwamba: mamita 4.5. Zipika zimene tinakwera nazo kuchokera pageti: 18. Ukagawa, sitepe iliyonse masentimita 25. Buku la kakonzedwe ka njira za m'mapiri limene ndinabwereka kuntchito likuti sitepe ikhale pakati pa 15 ndi 25. Tili mkati mwa lamulo.

Titakhoma chikhomo chomaliza tinayesa mmodzimmodzi. Ine bwinobwino. Dalaivala anatsika akuimba mluzu. Amisiri anadumphira pa chipika chilichonse kuti aone ngati chikugwedera, palibe chinagwedera. Mlamu anatsika chammbali ngati nkhanu, atagwirira udzu.

"Alamu, masitepe anuwa mwamangira akadyamsonga?"

Ndinamuuza za buku, za 15 ndi 25.

"Bukulo lili ndi mawondo?"

Tinaseka tonse, ine ndemwe. Tadya buledi ndi nthochi titakhala pa sitepe ya pamwamba, miyendo ili lendee. Kumtunda kunali mphepo yabwino. Sindikumbukira tsiku lina chaka chino limene ndinakhutira chonchi.

Lamulungu, 13 Okutobala

Matuza atatu kudzanja lamanja, limodzi kumanzere. Mapewa akulankhula. Ndakhala pakhonde tsiku lonse, miyendo pa mpando wina, tiyi pambali.

Mkazi wanga akuti mng'ono wake anamuimbira foni, akudandaula mawondo. Ndamuyankha kuti aliyense amene wasenza zipika ma Loweruka anayi motsatizana amamva mawondo. Wangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kupitiriza kusenda malalanje.

Lachitatu, 16 Okutobala

Kuntchito zii. Ndakonza shelefu ya mabuku a zaulimi, imene wina anaisanja potengera mtundu wa chikuto. Buku la njira lija ndaliwonjezera masabata awiri, ndadzidindira ndekha.

Azanyengo akuti mvula yoyamba mwina kumapeto kwa sabata ya mawa. Pa "mwina" khumi awo a chaka chatha, asanu ndi awiri anakwaniritsidwa. Ndinkasunga.

Loweruka, 19 Okutobala

Lero inali ntchito yopepuka: kupentanso zizindikiro za pamiyala ndi kuchotsa masamba m'ngalande. Tinafika Potsetsereka cha m'ma 11. Masitepe ali monga tinawasiyira, owongoka, olimba, oyera kwambiri. Kuyera kwakeko ndi kumene kunandiimitsa.

Kumanzere kwake, kutalikira kwa phazi limodzi kuchokera pamene zipika zathera, udzu wagona. Pakati pake dothi layamba kuonekera. Kanjira katsopano, m'lifupi mwake ngati thireyi, kotsika molunjika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Sabata imodzi yokha.

Madzi safuna zambiri. Ukawapatsa mzere wotere, pofika Febuluwale tidzakhala ndi zigwembe ziwiri, masitepe anga ali pakati ngati mlatho wopanda ntchito.

Dalaivala anatukwana pang'ono. Akuti anthu ndi mbuzi, ukawamangira khomo amalowera pawindo. Amisiri anangoyang'ana kanjirako, kenako masitepe, kenako ndudu yawo yosayatsa imene amayenda nayo chisiyireni fodya. Mlamu anali kalikiliki kutsuka bulashi ya penti, akuimba chapansipansi. Kukhala chete kwa munthu uyu kumamveka patali.

Tili pomwepo panatsika mayi wina wachikulire ndi mwana wake wamkazi, zikwama kumsana. Anaima pamwamba, anayang'ana pansi, n'kukhotera pa kanjira kaja. Podutsa ndinamva akuuza mwanayo kuti, "Amene anamanga izi sanakwerepo phiri." Ndinali nditaima pamtunda wa mamita awiri, khasu lili m'manja. Ndinawapatsa moni. Anayankha mwaulemu.

Dandaulo la munthu mmodzi si umboni. La anthu awiri si umboninso, makamaka mmodzi akakhala mlamu wako. Mwina ndi chizolowezi chabe: anthu analambalala chigwembe chaka chathunthu, miyendo yawo ikukumbukirabe. Mawa ndikawerenga.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ndinafika 7 koloko ndi kabuku, pensulo, botolo la madzi ndi mazira awiri owiritsa. Ndinakhala pamwala wa pansi pa mtengo, pamene munthu sakuona msanga. Ndinajambula mizere inayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Okwera, 7 mpaka 12 koloko: anthu 31. Pamasitepe 25. Pambali 6.

Ndinadya dzira loyamba mtima uli m'malo.

Otsika, 1 mpaka 5 koloko: anthu 31 omwewo. Pamasitepe 5. Pambali 26.

Asanu aja ndinawayang'anitsitsa. Anyamata atatu othamanga, opanda chikwama. Bambo mmodzi wamtali ngati ine. Ndi mtsikana wina amene anatsika masitepe asanu ndi limodzi, n'kuima, n'kutulukira kumbali, choncho mwina ndimuwerenge theka.

Otsalawo onse ankachita chinthu chimodzi. Afika pamwamba, nkhope itatopa, ayang'ana sitepe yoyamba, phazi liyendera m'mwamba pang'ono ngati likufunsa, kenako libwerera. Sikuti ndi ulesi. Munthu amene wayenda maola asanu, ntchafu zikunjenjemera, katundu kumsana, akaponya thupi lonse pa bondo limodzi kuchokera masentimita 25, bondolo limakana. Ndipo ayenera kutero ka 18.

Ife tinayesa masitepewo m'mawa, tisanatope, opanda katundu, amuna atatu amene wamfupi mwa ife amafika pa shelefu yachisanu. Munthu yekhayo amene anafanana ndi oyenda m'njirayi anatiuza pompo, tinamuseka.

Nditafika kunyumba ndinatsegula buku lija. Tsamba 64: pakati pa 15 ndi 25, monga ndinanenera. Ndinatembenuza. Tsamba 65, ndime yoyamba: pamene anthu amatsikira atatopa, musapitirire 18.

Zaka 22 ndikuuza ana a sukulu kuti aziwerenga mutu wonse. Ine ndinalekeza pamene buku linagwirizana ndi zipika zimene ndinali nazo.

Dzira lachiwiri ndabwera nalo.

Lolemba, 21 Okutobala

Nditaweruka ndinadzera ku shopu ya mlamu. Kachipinda kake n'komweko: makina awiri, wina wopalasa ndi phazi, wina wamagetsi umene amauvundikira ndi nsalu magetsi akazima, ayironi pakona, ma yunifolomu a buluu atapachikidwa mzere pa waya, pansi tizidutswa ta ulusi tomamatira ku nsapato. Anali ndi mapini atatu pakamwa.

Ndinamuonetsa kabuku kanga. Anawerenga mizere inayi ija pang'onopang'ono, n'kulavulira mapini m'dzanja.

"Ndiye mwakhala pamwala tsiku lathunthu kuti mudziwe zimene ndinakuuzani ulere?"

Ndinati tsopano tili ndi manambala.

"Manambala mukuwafuna? Imani apa. Wongokani. Musapinde bondo, simuli m'tchalitchi."

Anachotsa tepi m'khosi, anagwada, anayeza kuchokera pansi mpaka pa bondo langa. 56. Anayeza lake. 41. Analemba ndi choko pa thebulo lodulira nsalu, manambala awiriwo moyandikana.

"Ine munthu akabwera kuti ndimusokere buluku, sinditenga muyeso wa mwendo wanga ayi. Sindifunsanso kuti nsalu ilipo yochuluka bwanji n'kumudula munthuyo kuti akwanemo. Inu munayeza phiri, munayeza mitengo. Wovala munamuyeza?"

Ndinati ayi.

"Nenaninso, makinawa amasokosa."

Makina onse awiri anali chete. Ndinanenanso.

Tinaimbira Amisiri ndi Dalaivala, foni ili pa thebulo pakati pa sizasi ndi choko. Ndinafotokoza: mamita 4.5 kugawa ndi masentimita 17, pakufunika masitepe 27. Ndiye kuti kuzula onse 18, kukumbanso, kupeza ena 9. Masiku atsala anayi.

Dalaivala anati tisapenge. Akuti tidule minga, tiunjike pa kanjira kaja Lachisanu madzulo, a Nkhalango adzapeza masitepe okongola ndi mbali yotsekeka, adzasaina, nkhani yatha. "Mayi aja akubwera kudzaona masitepe, a Mlongoti, sakubwera kudzayeza mawondo a dziko lonse."

Ndivomere pano, popeza kabukuka sikauza munthu: ndinaganizira. Masitepe aja ndi owongoka kuposa chinthu chilichonse chimene ndinapangapo ndi manja. Koma minga ingatipulumutse Loweruka lokha. Lamulungu anthu 26 aja adzangosuntha mamita awiri n'kutsegula kanjira kena kuseri kwa mingayo, pamene dothi ndi lofewa kwambiri. Ndinanena zimenezo.

Amisiri anakhosomola. "Khoma likapendama sitilipaka laimu, timagwetsa. Asanu ndi anayi otsalawo tiika amiyala. Kumtsinje kuli miyala yafulati yambiri. Ine mitengo yanu ija sindinaikonde chiyambire."

Sanatiuzepo zimenezo ma Loweruka anayi onse aja.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndapempha tchuthi cha masiku atatu. Pa fomu, pofunsa chifukwa, ndalemba kuti "tsamba 65".

Lachitatu, 23 Okutobala

Kumanga masitepe 18: ma Loweruka anayi. Kuwazula: maola awiri ndi mphindi 40.

Ndimayembekeza kuti ndimva chisoni. Chimene ndinamva ndi msana. Zikhomo tinazikhoma bwino mopitirira muyeso, zitatu zathyokera pansi. Amisiri ankati akazula chimodzi n'kunena kuti, "Ntchito yabwino iyi," ndipo sindikudziwa ngati ankayamikira kukhoma kapena kuzula.

Tamanga chingwe kuchokera pamwamba mpaka pansi, tadula kamtengo ka masentimita 17 kokhala muyeso. Mlamu wakamanga kansalu kofiira kuti kasasowe mu udzu. Wafika 1 koloko atatseka shopu. Dalaivala wafika 4 koloko atatula ana, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba ndi kutiuza kuti akanakhala iye bwenzi tili kunyumba. Kenako wanyamula piki n'kukumba masitepe anayi osapuma.

Tatsika dzuwa likulowa. Aikidwa: 8.

Lachinayi, 24 Okutobala

Tsiku la miyala.

Amisiri amasankha mwala ngati munthu wogula mbuzi. Augubuduza, augogoda ndi nyundo, amvetsera, aukana. Pa miyala 30 imene ndinawalozera avomera inayi. Ina isanu apeza okha pamene ine ndinadutsa kawiri osaona kanthu. Mwala uliwonse timaunyamula awiri pa thumba lomangirira ku mitengo iwiri. Kuchokera kumtsinje mpaka Potsetsereka ndi mapazi 210, ndinawerenga ulendo woyamba, kenako ndinasiya dala.

Mlamu anaponya chithunzi cha chitunda chokumbidwa pa gulu la pafoni, n'kulemba kuti, "Lero zala sitikulandira." Pofika masana awiri mwa 19 aja anatulukira, mlongo ndi mchimwene wake, nsapato zatsopano. Agwira ntchito ndithu. Dalaivala wawalonjera ngati alendo ochokera kunja, wawafotokozera kuti ichi ndi khasu, mbali yogwira ndi iyi.

Njira yoyesera tasintha. Sitepe ikaikidwa, ine sindiloledwa kuiponda. Mlamu amabereka chikwama changa, muli mabotolo awiri a madzi ndi nyundo, atsike mpaka kumtsinje, akwerenso, kenako atsike pa sitepeyo osagwira kanthu. Akati "eya", Amisiri atsendera dothi. Akati "mhm", tizula. "Mhm" anachitika katatu. Kawiri ndinayeza n'kupeza 19 ndi 20. Kachitatu ndinapeza 17 ndendende, ndinamuonetsa tepi. Anati vuto si kutalika, popondapo pafupika, chidendene chikugunda kumbuyo. Ndinayeza popondapo. Panali pafupi ndi masentimita asanu ndi limodzi kuposa ena onse.

Sindinatsutsenso tsiku lonse.

Aikidwa: 19. Kumadzulo mitambo yayamba kuunjikana. Fungo la mvula lilipo, mvula palibe.

Lachisanu, 25 Okutobala

27. Amitengo 18, amiyala 9.

Sali owongoka ngati oyamba aja. Miyala ili ndi maganizo ake, ndipo pakati tinakhotetsa pang'ono kuti tilambalale muzu. Pamwamba takumba ngalande yopingasa yotayira madzi kumanja, ku thanthwe. Kanjira ka kumanzere takatipula ndi khasu, tabzalamo zitsa za udzu, tasalaza ndi leki. Dalaivala anafunsanso za minga, akuti pang'ono chabe, ya chitetezo. Ndakana. Ngati anthu akufunabe kudutsa pambali, ndikufuna ndidziwe, a Nkhalango adziwenso.

Kunawaza kwa mphindi khumi tikulongedza zida. Tinaima pansi pa mtengo kuonerera timadzi tikulowa m'ngalande yatsopano n'kukhotera kumanja monga tinawauzira. Anthu akuluakulu anayi kuonerera ngalande, pakamwa pali mwee.

Mkazi wanga wandithira mankhwala pa matuza. Akuti mng'ono wake wamuuza kuti ndine wophunzitsika, kungoti mochedwa.

Loweruka, 26 Okutobala

Ndinakwera ndekha 6 koloko kukasalazanso dothi la kumanzere, kuti aliyense wopondapo asiye chizindikiro. Dothi linali lonyowa pang'ono, labwino kulemba. Kenako ndinatsika kukadikira pageti.

A Nkhalango anati sabwera m'mawa. Anatulukira 2 koloko, yunifolomu yositidwa, chikwangwani chija chili m'khwapa, nyundo ndi misomali m'thumba. Dalaivala anadzipereka kuwanyamulira. Anakana.

"Masitepe okongola ndawaona ambiri," anatero tili m'njira. "Ine ndimayang'ana m'mbali."

Dalaivala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kutsogolo.

Titafika sanakwere n'komwe. Anatsamiritsa chikwangwani pa mtengo n'kukhala pamwala wanga uja. Buku la pageti limasonyeza kuti m'mawa munakwera anthu 38, ndipo nthawiyo anali atayamba kutsika, awiriawiri, atatuatatu. Tinakhala nawo ola limodzi ndi theka. Ndinatulutsa kabuku, koma ndinkawerenga mumtima.

Palibe chochititsa chidwi chimene chinachitika. Anthu ankafika pamwamba n'kumatsika, nkhani zawo osadukiza. Bambo wina wonenepa anatsika akukangana ndi mkazi wake za kiyi wa galimoto. Atsikana awiri anatsika akuyang'ana zithunzi pafoni. Gogo wina wa ndodo anaima pa sitepe yoyamba, mtima wanga unaima naye, koma ankangomanga chingwe cha nsapato. Palibe anayang'ana pansi n'kunena kuti masitepe abwino. Palibe anawaona n'komwe. Amisiri anandinong'oneza kuti ndiye kuti takhoza.

Womaliza atadutsa, a Nkhalango ananyamuka. Anakwera pang'onopang'ono, maso ali kumanzere, pa dothi losalazidwa. Ife pambuyo pawo ngati anapiye. Sitepe ya 5, palibe. Ya 12, palibe. Ya 20, mapazi a mbalame. Pa sitepe ya 24 anaima.

Phazi limodzi, lathunthu, lozama, pakati penipeni pa dothi.

"Uyu ndiye ndani?"

Ndinali nditawerenga onse, sindinaone wopatuka, koma phazi linali pamenepo, ndipo phazi ndi umboni.

Mlamu anagwada, anachotsa tepi m'khosi. Anayeza kutalika, anayeza m'lifupi. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana pansi, pa nsapato zanga.

"Alamu, tapondani apa."

Ndinaponda. Inalowa ndendende, mpaka kachidutswa kothyoka ka kuchidendene. M'mawa muja, nditamaliza kusalaza, ndinabwerera m'mbuyo kamodzi kuti ndione ngati mzere wawongoka.

Dalaivala anakhala pansi pa sitepe, kuseka mpaka kutsokomola. A Nkhalango sanaseke, koma anatenga nthawi yaitali akupukuta magalasi.

"Uyu yekhayu mumuletse," anatero. "Enawo azidutsa."

Anatsika masitepe 24 aja osagwira kanthu, anatenga chikwangwani pamtengo, n'kuchipereka kwa Dalaivala kuti anyamule. Mlamu anandipatsa leki.

Ndinafufuta phazilo nditaima pa sitepe. Madontho oyamba anayamba kugwa ndisanamalize.